Khungu lilibe bala koma malaya akuwawa ngati moto: chimachitika n'chiyani m'thupi?

Chaka chatha mu Juni, mwera utavuta panyanja, ndinapita kukaona malume anga kumudzi kwathu ku Nkhotakota, chakufupi ndi Chia. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa nyumba, kumene mphepo sifika, ali osavala malaya. Ana anali atazinga moto, akulu atafunda zitenje ndi majuzi, koma malaya awo ali lende pamsomali.

"Malume, kuzizira konseku, malaya akulakwirani chiyani?"

"Mphwanga, usaseke. Malayawo akangondikhudza apa, zimakhala ngati munthu wandikhuthulira phala lamoto." Analoza nthiti za kumanja, chala chili patali ndi khungu.

Ndinayang'anitsitsa. Panalibe chilonda, panalibe chotupa. Zimene zinkaoneka ndi tizipsera totuwa, tondondozana kuchokera kumsana, kudzera m'nthiti, n'kudzathera pakati pa chifuwa, m'mene munadutsa matuza a mashingozi miyezi inayi m'mbuyomo. Matuzawo anali atauma kalekale. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti atagwira malo omwewo ndi chikhatho chonse n'kupsinja mwamphamvu, anati akumvako bwino. Nsalu yopepuka ikuwawa, dzanja lolemera likutonthoza.

Pamudzi nkhani inali itagawanika kale. Ena ankati anaponda mankhwala kudoko, ena ankanong'ona kuti akuluwa atopa ndi nkhafi, akungofuna chothawira kunyanja. Akazi awo anali atagula panado pagolosale mpaka kutopa. Komatu vuto limeneli lili ndi dzina, ndipo madokotala amadziwa zambiri ndithu za mmene limayambira.

Ululu wobwera ndi chinthu chosapweteka

Madokotala amalitchula kuti allodynia. Ndi mawu ochokera ku Chigiriki: allos ndiye kuti "china", odyne ndiye kuti "ululu". Bungwe la akatswiri ofufuza za ululu padziko lonse, la International Association for the Study of Pain, linawaika pamndandanda wake wa mawu mu 1979. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akumva ululu chifukwa cha chinthu chimene mwachibadwa sichipweteka: malaya, neti ya udzudzu, kamphepo kayaziyazi, madzi osamba, dzanja la mdzukulu.

Allodynia si matenda paokha. Ndi chizindikiro, monga mmene kutentha thupi kulili chizindikiro cha malungo, chibayo kapena matenda ena. Ndipo aliyense wa ife anakalawako pang'ono. Mukapsa ndi mphika, khungu lozungulira balalo limawawa ngakhale ndi madzi ofunda. Malungo akakugwirani zolimba, nthawi zina bulangete lenilenilo limanyansa pathupi. Abale athu achialubino amazidziwa bwino zimenezi dzuwa likawawaula. Ululu wotere uli ndi ntchito, umakukakamizani kusamala malo ovulala, ndipo bala likapola umatha. Nkhani imavuta pamene bala lapola, kapena panalibe bala n'komwe, koma ululu wakana kuchoka.

Mawaya atatu a pakhungu

Mawu akuti "mitsempha" m'Chichewa amasenza katundu wambiri. Pano sitikunena mitsempha ya magazi ayi, koma ija yonyamula mauthenga pakati pa thupi ndi ubongo, imene tingaiyerekeze ndi mawaya a magetsi.

Yochokera pakhungu ilipo ya mitundu itatu ikuluikulu. Yoyamba, yotchedwa A-beta, ndi yonenepa ndipo inakutidwa ndi chikuto chamafuta, monga pulasitiki wa pawaya. Ntchito yake ndi kunena za kukhudza kwabwinobwino: ntchentche yatera, nsalu yatsetsereka. Uthenga umathamangamo mamita 35 mpaka 75 pa sekondi, liwiro limene minibasi ya pamsewu wa M5 silingalione n'komwe. Yachiwiri, A-delta, ndi yopyapyala, imanyamula ululu wolasa wa mwadzidzidzi. Yachitatu, yotchedwa C, ilibe chikuto, ndipo uthenga wake sumapitirira mamita awiri pa sekondi, ngati munthu woyenda pansi. Iyi ndiyo ya ululu wotentha ndi wonyong'onya uja.

N'chifukwa chake mukapunthwa pachitsa mumamva kawiri. Poyamba kulasa, kenako patapita kamphindi ululu wina wokhalitsa umafika mochedwa. Ndipo taonani zimene dzanja lanu limachita musanaganize n'komwe: limathamangira kukasisita chalacho.

Mlonda wa pachipata

Kusisitako si mwambo chabe. Mitsempha yonse itatu imakalowa mu mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa fupa la msana, ndipo pamenepo uthenga sumangodutsa mwachisawawa. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack wa ku Canada ndi Patrick Wall wa ku Britain, anafotokoza kuti pamalopo pali ngati chipata chokhala ndi alonda. Alondawo ndi timaselo timene timachepetsa uthenga wa ululu usanakwere kupita ku ubongo. Uthenga wa kukhudza, poti ndi wothamanga, umadzutsa alondawo, iwo n'kukankhira chipata. Mukasisita chala chopunthwa mukuitana alonda.

Tsono dongosolo limeneli likhoza kuwonongeka m'malo atatu, ndipo kawirikawiri limawonongeka m'malo angapo nthawi imodzi.

Poyamba ndi pakhungu penipeni. Pakakhala kupsa kapena kutupa, thupi limatulutsa timadzi tina timene timachititsa nsonga za mitsempha ya ululu kukhala tcheru kwambiri, moti kanthu kochepa kamazidzutsa.

Kachiwiri ndi m'njira. Mtsempha wovulala, kaya ndi kachirombo, shuga kapena ngozi, umakhala ngati waya wosendeka umene umathetheka wokha popanda woukhudza. Munthu amamva kubaya, kunyerenyesa kapena kugwidwa ndi magetsi ali phee pamphasa.

Kachitatu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani ya malume, ndi pachipata pomwe paja. Mu 1983 Clifford Woolf, akugwira ntchito ku London, anaonetsa pofufuza makoswe kuti mauthenga a ululu akamafika kumsana mosalekeza, maselo olandira mauthengawo amasintha khalidwe. Amayamba kukuza chilichonse chimene alandira. Alonda ena amafooka, ena amafa. Zikatero uthenga wa waya wa A-beta, umene umangonena kuti "malaya akhudza", umalowa m'njira ya ululu, ndipo ubongo umaulandira ngati "tapsa". Ganizirani galu amene akuba anamuzunza usiku wina. Kuyambira pamenepo amauwa tsamba likagwa, amauwa mwini nyumba akatsokomola. Kuuwako n'koona, pakhomo palibe amene akugona, kungoti wakuba palibe.

Apa m'pofunika kumvetsa bwino, chifukwa m'pamene odwala ambiri amalakwiridwa. Ubongo ulibe njira yosiyanitsira uthenga wa moto weniweni ndi uthenga wolakwika wodzera m'njira ya moto. Wodwalayo sakunamizira ndipo sakukokomeza. Ululu akuumva wonse.

Nanga bwanji kupsinja kunkawathandiza malume? Kwa odwala ambiri chimene chimadzutsa ululu kwambiri ndi chinthu choyenda pamwamba pa khungu. Nsalu imatsetsereka, imagwedeza tiubweya, imadzutsa timitsempha tambirimbiri motsatizana. Chikhatho chopsinja chimakhala malo amodzi, ndipo chimaletsa china chilichonse kusisita pamenepo.

Mashingozi: kachirombo kamene kanagona zaka makumi

Mashingozi amayamba ndi kachirombo komwe kaja ka katsabola, kotchedwa varicella zoster. Mwana akadwala katsabola n'kuchira, kachiromboko sikachoka m'thupi. Kamakabisala m'timfundo ta mitsempha tili m'mbali mwa fupa la msana, n'kugona mmenemo zaka 30, 50, ngakhale kuposerapo. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, kamadzuka n'kutsetsereka ndi mtsempha umodzi mpaka pakhungu.

Mtsempha uliwonse wochokera kumsana uli ndi dera lake pakhungu, ngati munda wokhala ndi malire. Ya m'nthiti imazungulira theka la thupi n'kuthera pakati pa chifuwa. Ichi n'chifukwa chake matuza a mashingozi amandandalika ngati lamba mbali imodzi yokha, osadumpha pakati. Nthawi zambiri ululu umayamba masiku angapo matuza asanatuluke, moti munthu amadabwa khungu likuwawa popanda chooneka. Ena amayamba kuganiza za mtima kapena chibayo.

Matuza amapola pakatha milungu iwiri mpaka inayi, koma mtsempha umene kachirombo kanadutsamo umatsala wovulala. Ululu ukapitirira miyezi itatu, madokotala amautchula postherpetic neuralgia, kutanthauza ululu wa mtsempha wotsalira pambuyo pa mashingozi. Bungwe loona za matenda ku America, la CDC, limati zimenezi zimachitikira anthu 10 mpaka 18 mwa 100 alionse odwala mashingozi, ndipo chiopsezo chimakula ndi msinkhu. Kwa ambiri ululuwo umanka nuchepa pakapita miyezi, kwa ena umatenga zaka.

Kuno kwathu mashingozi anatenga mbiri yoipa m'zaka zimene Edzi inavuta, moti ena amawabisa pansi pa malaya poopa pakamwa pa anthu. Choona n'chakuti ukalamba wokha umatsitsa chitetezo, chimodzimodzinso shuga, khansa ndi mankhwala monga prednisolone akamwedwa nthawi yaitali. Choonanso n'chakuti HIV ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu, makamaka kwa achinyamata, choncho adokotala akapempha kuyeza magazi sakukunyozani. Kubisako kumadyetsa nthawi yamtengo wapatali: mankhwala a aciclovir amagwira bwino akayambidwa m'masiku atatu oyambirira matuza atatuluka. Amafupikitsa matenda ndi kuchepetsa ululu wa masiku amenewo, ngakhale sapereka chitsimikizo choti ululu wotsalira subwera. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa ku Mwansambo kapena kutsidya kwa Bua masiku atatu amatha akusakasaka ya kabaza, koma ndi ulendo wofunika kuuyesetsa.

Madzi a m'matuza angapatsire katsabola mwana amene sanadwalepo. Matuza akauma, palibenso choopa.

Mapazi otentha usiku

Gulu lina lalikulu ndi la anthu amene amagona mapazi ali kunja kwa chofunda, chifukwa nsalu ikakhudza zala zimakhala ngati aponda makala. Vuto lotere limayambira kumapazi onse awiri n'kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu akuvala sokosi. Chifukwa chake n'chapafupi: mitsempha yopita kuzala za kumapazi ndiyo yaitali kuposa yonse, pafupifupi mita yathunthu, ndipo chinthu chikamawononga mitsempha ya thupi lonse, yaitali ndiyo imayamba kugonja.

Matenda a shuga ndiwo amatsogola. Shuga wochuluka m'magazi amawononga mitsempha ya mauthenga pamodzi ndi timitsempha ta magazi toidyetsa, ndipo pafupifupi theka la odwala shuga amadzakumana ndi vutoli m'kupita kwa zaka. Ena amadziwira pomwepa kuti ali ndi shuga. Choopsa chake n'chakuti phazi lomwelo limene likuwawa ndi bulangete likhoza kukhala ladzanzi pa zinthu zovulazadi. Munthu amayenda pamchenga wotentha wa mu Okutobala, kapena kuponda mbedza kudoko, osamva kanthu, n'kudzaona chilonda chitanyeka kale.

HIV nayo imawononga mitsempha yomweyi. Amene anayamba ma ARV m'zaka zoyambirira, boma litayamba kuwapereka mwaulere mu 2004, akukumbukira mmene mapazi ankatenthera. Mankhwala a nthawi imeneyo anali ndi stavudine, amene ankavulaza mitsempha, ndipo anachotsedwa bungwe la WHO litalangiza mayiko kuti awasiye. Ena anatsala ndi ululuwo mpaka lero ngakhale mankhwala anasintha.

Isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB, amadya vitamini B6 m'thupi, ndipo kapiritsi ka pyridoxine (dzina lina la vitamini yemweyo) kamene amapereka limodzi ndi mankhwalawo ntchito yake ndi kuteteza mitsempha. Ambiri amakaona ngati kosafunika. Mowa wa tsiku ndi tsiku, makamaka kachasu womwa wosadyera, umapha mitsempha mwachindunji komanso umamana thupi vitamini B1. Kuchepa kwa vitamini B12, amene amapezeka mu nsomba, mazira ndi nyama, kumachitanso chimodzimodzi, ndipo metformin wa odwala shuga akamwedwa zaka zambiri akhoza kumutsitsa.

Tisaiwale khate, limene likupezekabe m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Chizindikiro chake chodziwika ndi chosemphana ndi nkhani yathuyi: banga lotuwa limene silimva kukhudza. Koma mitsempha ya wodwala khate ikhoza kutupa n'kumawawa kwambiri, pachigongono kapena kuseri kwa bondo, ngakhale munthu ali pamankhwala kapena atamaliza. Kutupa kotere kumafuna chipatala msanga, dzanja kapena phazi lisanapuwale.

Tsitsi lowawa, nkhope yogwidwa magetsi

Amayi ambiri odwala mutu waching'alang'ala amanena kuti mutu ukayamba, "tsitsi limawawa". Chipeso sichikhudzika, duku limalemera, ndolo ndi magalasi zimachotsedwa, kugonera mbali imeneyo n'kosatheka. Kafukufuku amaonetsa kuti oposa theka la odwala mutu umenewu amamva zotere. Ndi kukuza mauthenga komwe kuja, kungoti kumabwera ndi mutu n'kupita nawo. Mankhwala a mutuwo amagwira bwino akamwedwa msanga, khungu lisanayambe kuwawa.

Pali vuto lina la kunkhope lotchedwa trigeminal neuralgia, kuchokera ku dzina la mtsempha umene umamva za nkhope yonse. Wodwala amamva ngati wagwidwa ndi magetsi patsaya kapena pachibwano mbali imodzi, kwa masekondi angapo mpaka mphindi ziwiri, kenako zii. Choyambitsa chimakhala kanthu kochepa: kusukusula, kutsuka mano, kumeta ndevu, kutafuna, mphepo ya panjinga. Kawirikawiri gwero lake ndi mtsempha wa magazi umene wagona pa mtsempha wa mauthengawo pafupi ndi ubongo n'kumauperesa chikuto. Poti ululu umamveka m'nsagwada, anthu ena amazulitsa mano abwinobwino, limodzi, awiri, ululu uli pomwepo.

Sitiroko nayo ikagunda mbali ya ubongo yolandira mauthenga a thupi, yotchedwa thalamus, mbali ya thupi imene inafooka imatha kuyamba kutentha patapita milungu kapena miyezi, osafuna kukhudzidwa ngakhale ndi madzi ozizira. Osamalira wodwala amadabwa kuti mkono "wakufa" ukuwawa bwanji.

Zina zosowa koma zilipo

Munthu akathyoka dzanja, tinene pangozi ya kabaza, fupa n'kulumikizana bwinobwino, nthawi zina dzanjalo limatsala lotupa, losintha mtundu, lotuluka thukuta, losafuna kukhudzidwa. Madokotala amati complex regional pain syndrome, ndipo kulisunga dzanjalo osaligwiritsa ntchito kumawonjezera vuto. Palinso fibromyalgia, imene imagwira amayi kwambiri: thupi lonse kuwawa, kutopa, tulo tosakhutitsa, koma magazi akayezedwa osapezeka kanthu.

Kwa ife oyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, kumene kuli kashembe, tiwonjezerepo kaodzera. Chimodzi mwa zizindikiro zake zodziwika kuyambira kale n'chakuti kugunda pang'ono, monga msongolo pampando, kumabweretsa ululu waukulu wa m'kati umene umafika mochedwerapo. Chizindikirochi chinatchedwa dzina la Kerandel, dokotala wa ku France amene anadwala yekha matendawa n'kulemba zimene ankamva. Sichibwera chokha: pamakhala kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, mutu, ndi tulo tosokonekera.

Chifukwa chake panado sagwira

Panado ndi bufeni amathandiza ululu wa kuvulala ndi kutupa. Pamene vuto lili mu waya ndi pachipata, amachita zochepa kwambiri, ndipo bufeni womwa miyezi amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso.

Kuchipatala chida choyamba si makina. Adokotala amatenga kathonje n'kusisita malo owawa, kenako mbali inayo, n'kufunsa kusiyana kwake. Amaona mapu a ululuwo: lamba wa mbali imodzi, sokosi za mapazi onse, kapena theka la nkhope. Mapuwo ndiwo amaloza gwero. Kenako amayeza shuga ndi HIV, n'kufunsa za mankhwala amene mukumwa ndi za mowa. Muwathandize ndi mawu enieni. "Zikuwawa" sizikwanira. Nenani ngati kukutentha, kukubaya, kukunyerenyesa kapena kukugwira ngati magetsi, nthawi yanji, ndiponso chimene chimayambitsa.

Mankhwala othandiza ndi amene amatontholetsa mitsempha. Ofala kwambiri ndi amitriptyline, womwa usiku pamlingo wochepa. Anapangidwira matenda a kukhumudwa, choncho wina akawerenga kapepala ka m'bokosi amakwiya kuti adokotala amuyesa wodwala maganizo. Si choncho: mankhwalawa amalimbitsa alonda a pachipata aja. Amaumitsa kukamwa, amagonetsa, safulumira kugwira, ndipo odwala mtima ayenera kunena asanayambe. Gabapentin ndi pregabalin amagwira ntchito yofanana m'njira ina. Pa trigeminal neuralgia, mankhwala oyamba ndi carbamazepine, yemwe uja wa khunyu. Kunena zoona, palibe mwa amenewa amene amathandiza aliyense, ndipo ululu ukatsika ndi theka madokotala amati zayenda. Theka limenelo ndilo limabweza tulo.

Kuli mankhwala opaka ochokera ku capsaicin, chinthu chimene chimawawitsa tsabola, koma amapangidwa pamlingo woyezedwa. Kusinja kambuzi n'kupaka pakhungu lodwala ndi kudziotcha chabe. Za mphini, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, koma thupi lili ndi malamulo akenso: kutema khungu la phazi la munthu wa shuga kumatsegula chilonda chimene chingakane kupola. Ndipo amene akuganiza kuti ma ARV kapena mankhwala a TB ndiwo akuotcha mapazi asasiye okha, akanene kuti awasinthire kapena kuwawonjezera pyridoxine.

Pali zina zosayenera kugona nazo m'nyumba. Matuza a mashingozi pachipumi, pachikope kapena pansonga ya mphuno akhoza kuwononga diso. Khungu lotentha, lotupa, lowawa kuposa mmene likuonekera, munthu akutenthanso thupi, likhoza kukhala matenda a mabakiteriya ofalikira mofulumira. Dzanzi lokwera m'miyendo m'masiku ochepa, kufooka, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi nkhani ya tsiku lomwelo. Chimodzimodzi kunyerenyesa kapena kuwawa pachipsera pamene panaluma galu milungu yapitayo, chifukwa chiwewe chimayamba motero.

Malume anapita kuchipatala mu Julayi, atakakamizidwa ndi akazi awo. Shuga anapezeka wabwino, magazi abwino. Anawapatsa amitriptyline. Sabata yoyamba anadandaula kuti akungodzuka kukamwa kuli gwaa ngati adya chinangwa chouma, ululu uli chimodzimodzi, ndipo akanasiya akanapanda kuuzidwa kuti adikire. Sabata yachitatu anagona mpaka tambala. Nditapitako mu Okutobala ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, atavala malaya. M'kati mwa malayawo anali atadzimanga m'nthiti ndi chidutswa cha chitenje chakale chofewa, chothina bwino kuti nsalu ya pamwamba isamatsetsereke pakhungu.

"Kwatha, malume?"

"Kutha ayi. Madzulo kamabwerabe, makamaka kukazizira. Koma tapita ukauze anyamatawo asakankhe bwato ndisanafike."